Mamita Asanu ndi Awiri

Anandipatsa m'malo mwa malipiro a miyezi iwiri,
mwana wa malemu Ferreira, atagulitsa nyumba.
Tenga, anatero, ukagulitse kwa a zitsulo.
Pijo 404, yofanana zaka ndi achemwali anga aakulu,
matayala atatu ataphwa, lachinayi kulibe,
pansi pa boneti makoswe atalerapo mibadwo.

Tinaikankha anthu asanu m'misewu ya Rosettenville,
a matekisi akutitukwana m'zilankhulo zitatu.
Esinala ataiona anangogwira m'chiuno:
Anzanu akutumiza malata ku Balaka,
inu mukututira dzimbiri pakhomo la lendi.

Sindinayankhe. Ndinaika njerwa kuseri kwa tayala.

Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi
ndimavula jekete n'kulowa pansi pake chagada.
Bawuti yomwe inamangidwa ndisanabadwe
simva zaukali.
Umaithira oyilo, n'kuisiya igone,
mawa lake umaipempha ndi sipanala, pang'onopang'ono,
mpaka ilire ngati chitseko chakale, ivomere.
Kabureta ndinaimasulira pa thireyi ya tiyi,
tizitsulo ndi timasipuling'i tili mbwee,
kamodzi kanadumpha n'kukabisala sabata ziwiri
m'nsapato ya kusukulu ya Ndaziona.

Mapisitoni anayi, onse atakakamira.
Gasiketi ndinakaipeza ku Booysens kwa mkulu wa diso limodzi
yemwe anafunsa kawiri: Pijo? Ilipobe?
n'kundichotsera marandi makumi asanu.

Koma malimu.
Sandipepa wokhakhala, kenako wosalala,
kenako mswachi wotha, polishi, vesiti yong'ambika.
Mu Juni, zala zitauma ndi chisanu cha ku Joni,
ndinapukuta mpaka kufiira kunachoka, kutuwa kunachoka,
ndipo madzulo ena m'chitsulomo munatuluka nkhope,
mphuno yotambalala, chipumi chopindika,
ine sindinadzizindikire.
Anali bambo anga,
omwe anafika kuno ndi Wenela
nakumba pansi pa zitunda zachikasu
zomwe ndimaziona ndikakwera pampanda,
nabwerera kwathu ndi wailesi, njinga ndi chifuwa.
Sanakwerepo galimoto yaing'ono mumzinda uno.
Ndinawapumira mpweya pamphumi, n'kupukutanso.

Inalira Lachinayi usiku, magetsi atathima dera lonse.
Batire yobwereka kwa Vusumuzi, petulo wa m'botolo la sobo.
Ndinapotokola kiyi. Inatsokomola.
Inatsokomolanso, monga ankachitira iwo m'bandakucha.
Kachitatu inagwira,
ndu ndu ndu ndu,
malata a chimbudzi akunjenjemera, utsi uli tolo,
agalu mpaka ku Turffontein akuyankha.
Ndinayatsa nyali zake, bwalo lonse n'kuyera mbee,
Ndaziona n'kumalizira masamu atakhala pa kreti.
Esinala anatuluka atafunda bulangeti,
anazungulira kamodzi, anatsegula chitseko,
anakhala kutsogolo ngati anagula ndi iye,
anasisita mpando womwe ndinausoka ndi ulusi wa nsapato.
Hutala imalira?
Imalira.
Musaize, mudzutsa landilodi.
Anaiza yekha.

Mapepala ilibe.
Anga anatha mu Malichi.
Tonse awiri timadziwa pamene geti lili
ndi amene amaima tsidya lake ndi nyali za buluu.
Kuchokera pakhoma kukafika pageti
ndi mamita asanu ndi awiri, ndinayeza ndi tepi.
Giya yoyamba, buleki, livesi.
Giya yoyamba, buleki, livesi.
Malimu amatenga dzuwa n'kuliponya pawindo la aneba.

Ndaziona wawerengera kuseri kwa kope lake
kuti tikadutse Beitbridge, Tete, Mwanza,
tikaime pansi pa mtengo wa mango kwa amalume ake,
pafunika maulendo oterewa oposa zikwi mazana awiri.
Walemba nambalayo ndi choko pakhoma la garaja
ndipo Lamulungu lililonse amaifufuta ndi chigongono,
n'kuchotsera.

Lero tapanga khumi ndi anayi.
Petulo anatithera tili pakati pa bwalo,
tinaikankha kubwezera m'malo mwake,
iye akuwongolera, mapazi osafika pansi.